Mwana wa M'khola la Nkhuku

M'buku la Mia Couto lotchedwa Terra Sonâmbula muli bambo amene anatsekera mwana wake m'khola la nkhuku pofuna kumupulumutsa. Nkhaniyi ili koyambirira, m'kope loyamba la mnyamata wotchedwa Kindzu, ndipo siitenga masamba ambiri. Bamboyo, a Taímo, anali msodzi wokonda uchema, wolota maloto amene banja lonse linkawamvera ngati uthenga wa mizimu. Tsiku lina anasonkhanitsa a pabanja pawo nawauza kuti imfa yalunjika pakhomopo, ndipo amene yamuloza ndi mzime, Junhito. Mankhwala ake anali atawapeza kale: mwanayo asamukire kukhola ndipo aphunzire kulira ngati tambala, kuti zigawenga zikafika zisamuone ngati munthu. M'bandakucha uliwonse a Taímo ankapita kukamuphunzitsa kuliraku mpaka mwanayo anakudziwa. Chovala cha nthenga anamusokera ndi mayi ake omubereka.

Bukuli linatuluka m'Chipwitikizi mu 1992, chaka chimene Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasayina pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala. Couto, wobadwira ku Beira mu 1955, analilemba mfuti zikulirabe. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inayamba cha mu 1977, Renamo ikuthandizidwa ndi boma la azungu la ku Rhodesia, kenako la tsankho la ku South Africa, ndipo akuti inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ena ndi chipolopolo, ambiri ndi njala ndi matenda. Kuno ku Malawi sitinaimvere pa wailesi pokha. Othawa nkhondo oposa 1 miliyoni anawoloka malire nadzaza ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi, nthawi imene dziko lathu linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Couto sawerengera motero. Pa chiwerengero cha akufa Junhito sangalowepo, pakuti palibe amene anaona mtembo wake, ndipo pa chiwerengero cha othawa sangalowenso, pakuti sanawoloke malire alionse. Bukuli likuwerenga anthu a mtundu wachitatu: amene anatsala ndi moyo koma umunthu utawachoka, ndipo chida chimene likuyezera kutayikako ndi nyimbo imodzi yogonekera mwana.

M'nkhani yonse ya kukhola simuoneka msilikali ngakhale mmodzi. Palibe chigawenga chimene chagogoda pa chitseko cha a Taímo. Nkhondo ikadali mphekesera ndi phokoso la mfuti kutali, koma yayamba kale kudya banjalo, ndipo ikudyera m'manja mwa makolo. Maganizo a bamboyo ali ndi mutu wake ngakhale ndi owawa: kumene munthu akuphedwa chifukwa choti ndi munthu, chitetezo ndi kuleka kukhala munthu. Mayi anayesa kuwakumbutsa chinthu chodziwika kwa aliyense wa kumudzi, kuti makola a nkhuku nawo akuthyoledwa. A Taímo sanayankhe mfundoyo, anangoidula. Couto akupereka kutsutsa kwa mayiku mwachidule n'kupitirira, koma wowerenga wamva kale chimene chachitika: mwanayo wachotsedwa m'gulu la ophedwa n'kuikidwa m'gulu la zodyedwa.

Dzina la mwanayo nalo lasenza katundu. A Taímo anamutcha Vinticinco de Junho, 25 Juni, tsiku limene Mozambique inalandira ufulu mu 1975, ndipo Junhito n'kufupikitsa chabe. N'kosavuta kuima pomwepa n'kunena kuti ufulu wa dziko unatsekeredwa m'khola, nkhani yatha. Tanthauzo limenelo lilipo, ndipo mlembi sanalibise. Vuto lake n'lakuti ukangoti Junhito ndi ufulu, waleka kuona kamwana kogona pa zitosi, kodya makombo, kamene abale ake aletsedwa kukayendera kuopa kuti anthu angazindikire. Wowerenga wotere wachita zomwe anachita a Taímo, wamuveka mwanayo chovala china kuti asamuone nkhope. Couto akuoneka kuti anaudziwa msampha umenewu, chifukwa atangoponya dzinalo akutikokera msanga ku chinthu chimene sichingasanduke phunziro la ndale: mayi akutuluka m'nyumba usiku.

Kindzu akutiuza kuti masana mayi ake ankaoneka ngati avomereza, koma iye ankadziwa kuti usiku ankazemba kupita kukhola. Ankakhala pansi mumdima n'kuyamba nyimbo yomweyo imene anagonekera nayo ana awo onse. Poyamba Junhito ankayimba nawo, ndipo abale ake m'nyumba ankamva mawu akewo n'kugwidwa ndi chisoni. Patapita nthawi mawu a anthu anayamba kumukanika. Potsiriza ankangolira ngati nkhuku, n'kupisa mutu kukhwapa, n'kugona. Ndime yake ndi yaifupi, yosafika theka la tsamba, koma masitepe onse a kutayika kwa munthu alimo motsatana. Couto sananene kuti mwanayo anamera mapiko kapena mlomo wa nkhuku. Thupi silinasinthe, nthenga ndi zosoka. Chimene chinasintha ndi kukhoza kuvomera nyimbo ya mayi ake.

Aliyense amene anakulira pa nthano za madzulo azindikira kaumbidwe kameneka. M'nthano zathu zambiri mwana akasanduka mbalame kapena akamezedwa ndi chilombo, chimene chimaulula chilungamo ndi nyimbo, ndipo nyimboyo imafuna anthu awiri: woyambitsa ndi wovomera. Wofotokoza nthano amadalira omvera kuti aziti "tili tonse", ndipo akasiya kuvomera amadziwa kuti ana agona, nthano ithere pomwepo. Pakhola la a Taímo wovomera wasiya, koma nkhaniyo siinena kuti mayi analeka kubwera. Anapitiriza kuyimbira chinthu chimene sichikanathanso kuwayankha, ndipo malinga ngati ankayimba, pakhomopo panali munthu mmodzi amene ankakana kuti m'kholamo muli nkhuku zokhazokha. Mayi yemweyu ndi amene anasoka nthenga, ndipo Couto sakuwachotsera mlandu umenewo. Masana amvera mwamuna, usiku akutsutsa chimene manja awo apanga. Ndi mayi woona ameneyu, wa mtundu umene nkhondo imapanga ochuluka.

Mawu a nyimboyo sitikuwamva. Mlembi amene amadziwika ndi kupinda Chipwitikizi, kulumikiza mawu awiri kuti abale lachitatu, kulowetsamo mawu a zinenero za ku Mozambique, pano wadziletsa. Ndikuona kuti anachita bwino. Nyimbo imeneyo siikanakhala ya m'Chipwitikizi, ndipo akanaimasulira ikanasanduka ndakatulo ya mlembi wa mu mzinda. Poisiya yopanda mawu, wowerenga wa ku Inhambane, wa ku Tete kapena wa ku Ntcheu amaikapo ya mayi ake.

Kenako m'mawa wina kholalo linapezeka lopanda Junhito. Kindzu akupereka zimene anthu ankanena, osasankhapo. Ena ankati a Taímo ataledzera anapotokola khosi la mwana wawo poyesa nkhuku. Ena ankati zigawenga zinaba nkhuku zonse pofuna ndiwo. Mayi nawo anali chete mwa mtundu wopangitsa munthu kuganiza kuti mwina ndi iwo anatsegula chitseko kuti mwanayo azipita. Zitatu zonsezo n'zotheka, ndipo chilichonse chili ndi wolakwa wake: bambo, mdani, kapena palibe. Banjalo silinafufuze, silinalire maliro, silinakumbe manda. A Taímo analowerera mu uchema mpaka imfa, ana ena anabalalika. Mabanja ambiri a ku Mozambique anatsala ndi mafunso a mtundu womwewu nkhondo itatha, makamaka a ana amene anagwidwa m'midzi n'kupita nawo kutchire kukanyamula katundu kapena mfuti. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo inakhululukira mbali zonse milandu ya nkhondo, ndipo dzikolo silinakhazikitse bungwe lofufuza chilungamo ngati limene South Africa inadzakhazikitsa pambuyo pake. M'midzi asing'anga ankasambitsa obwera kunkhondo, ndipo mwambowo unkafuna kuti zakale zisatchulidwenso. Couto analemba za khola lopanda kanthu zonsezi zisanachitike.

Kindzu sakutifotokozera yekha. Makope ake, 11 onse, akuwerengedwa ndi mnyamata wina, Muidinga, amene akuyenda pa msewu wakufa ndi nkhalamba yotchedwa Tuahir. Awiriwa athawa mumsasa wa othawa nkhondo ndipo apeza basi yopserera itatsamira mtengo wa mlambe, mitembo ili m'katimo. Nkhalambayo ikusankha kukhala momwemo, poganiza kuti zigawenga sizibwerera kudzatentha chimene zinatentha kale. Chapafupi pali mtembo wina wosapsa, wa munthu wowomberedwa, ndi sutikesi pambali pake. M'sutikesimo ndi mmene muli makopewo. Buku lonse likuyenda mosinthana, mutu umodzi wa pamsewu, kope limodzi la Kindzu, mpaka kumapeto.

Muidinga sakumbukira kanthu za moyo wake wakale, ngakhale dzina limene makolo anamupatsa. Atangowerenga za kukhola akuuza Tuahir kuti mwina iyeyo ndiye Junhito. Nkhalambayo ikumunyoza, ndipo wowerenga akhoza kuseka nayo, koma ganizo la mnyamatayo si lopusa. Tuahir anamutola mumsasa tsiku limene anapemphedwa kuthandiza kuika m'manda ana angapo, ndipo anazindikira kuti mmodzi akupumabe. Pofuna kuti amusiyire, ananama kuti ndi mwana wa mlongo wake. Chodabwitsa n'chakuti pamsewu mnyamatayo akamuitana kuti malume, nkhalambayo imakalipa kuti si malume ake. Ikuopa kukonda mwana amene mawa angafe, ngakhale yachita kale zonse zimene malume amachita. Matenda amene anagwetsa Muidinga bukuli likuwatchula ndi dzina lake lenileni, mantakassa, kupuwala kwa miyendo kobwera chifukwa chodya chinangwa chowawa chosaviika mokwanira. Mliri wake unagwa m'chigawo cha Nampula mu 1981 nthawi ya chilala, ndipo njala ndi kuthawa zinkachititsa anthu kudya chinangwa chotere asanachotse ululu wake. Pambuyo pake Tuahir akuulula kuti anapita ndi mwanayo kwa sing'anga kuti amufufute zonse za m'mutu, poti zimene anaona zinali zosayenera kuzisunga.

Apa Couto waika anthu awiri okonda mwana moyandikana, ndipo onse achita chinthu chofanana. A Taímo analanda Junhito chilankhulo kuti akhale ndi moyo, Tuahir analanda Muidinga chikumbukiro kuti akhale ndi moyo. Mnyamatayo akadziyesa Junhito ndiye kuti wazindikira mbale wake m'tsoka. Kusiyana kwawo n'kwakuti Muidinga anatsala ndi kanthu kamodzi kamene sing'anga sanafufute: amadziwa kuwerenga, ndipo tsiku lina akudzidzimuka poona kuti dzanja lake likulemba zilembo pa dothi ndi kamtengo. Usiku pamoto ndiye mwana amene akufotokozera wamkulu. Tuahir, amene poyamba ankafuna mapepalawo kuti akolezere moto, akufika pomapempha yekha kuti awerengeredwe, ndipo pena awiriwo akusewera kuti mnyamatayo ndi Kindzu ndipo nkhalambayo ndi a Taímo, kuti aliyense alaweko kukhala ndi bambo kapena mwana. Basi siisuntha, koma m'mawa uliwonse akawerenga, malo ozungulira amakhala atasintha: mtengo umene unalipo dzulo lero palibe, tchire lauma lasanduka dambo, mpaka nyanja yayandikira. Anthu ena amakonda kwambiri chozizwitsa chimenechi. Ine chimandikhudza pang'ono poyerekeza ndi nkhalamba yopempha nthano kwa mwana.

Pa ulendo wake Kindzu akufika ku tauni ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa Matimati, ndipo kumeneko bukuli likusintha mawu, likuyamba kuluma. Bwanamkubwa wa boma, Estêvão Jonas, akupangana za malonda ndi mzukwa wa mtsamunda Romão Pinto, amene wadzuka m'manda kudzayang'anira chuma chake. Katundu wa chithandizo akusowa m'nkhokwe n'kumapezeka pa msika, ndipo anthu a njala akusungidwa kuti azionetsedwa kwa alendo obweretsa thandizo. Assane, amene kale anali mlembi wa bwanamkubwa, ali ndi kasinja wa nkhondo kuseri kwa nyumba yake, ndipo wamusandutsa khola la nkhuku. M'menemo Kindzu akuona tambala amene mtima wake ukumuuza kuti ndi mphwake. Khola la kumudzi linali la mantha a bambo wosauka. Ili ndi lachitsulo, ndipo mwini wake ndi munthu amene nkhondo ikumupindulira. Apa ndivomereze kuti tanthauzo la ndale lija likugwira ntchito, popeza tsopano tamudziwa mwanayo, ndipo kumuona ali chiweto cha wakuba katundu wa boma kukupweteka ngati nkhani ya munthu.

Chimene chinachotsa Kindzu kwawo ndi khumbo lokhala naparama. Awa si ankhondo opeka. Cha mu 1989 ndi 1990 m'zigawo za Zambézia ndi Nampula munabuka gulu la anthu wamba lotsogozedwa ndi Manuel António, amene ankati anafa n'kuuka. Ankatemera otsatira ake mphini zoti chipolopolo chisalowe, ndipo iwo ankapita kukamenyana ndi Renamo atanyamula mikondo ndi zikwanje. Kwa kanthawi analanda madera ambiri, mpaka mtsogoleriyo anaphedwa pa nkhondo mu Disembala 1991. Kindzu akuona naparama mmodzi yekha, m'sitolo ya bwenzi lake Surendra Valá, atavala nsalu zofiira m'mikono, mikanda ndi nthenga, ndipo akuyenda buku lonse osapeza gululo. M'malo mwake akupeza Farida, mkazi wokhala yekha m'sitima yapamadzi yotitimira pa mchenga, amene akumutuma kukafuna mwana wake wotayika, Gaspar. Wofuna kukhala msilikali wasanduka wofunafuna ana.

Kope lotsiriza likutha ndi loto, ndipo m'lotomo zinthu zikuchitika mwa dongosolo loyenera kuliyang'anitsitsa. Junhito akutulukira ali pakatikati, theka munthu theka tambala. Akubwera anthu oti amupotokole khosi, ndipo Couto akuwatchula mayina: mtsamunda Romão Pinto, bwanamkubwa Estêvão Jonas, Assane, ndi anthu a mfuti a mbali ya boma. Kindzu akudziyang'ana n'kupeza kuti mikono yake yavala nsalu ndi nthenga, dzanja lagwira mkondo. Wakhala naparama, ndipo adaniwo akuthawa. Abale awiriwa tsopano onse avala nthenga, wina za mantha, wina za nkhondo, ndipo buku la mlembi wina likanathera pomwepa, ngwazi itapulumutsa mphwake. Koma adani atathawa Junhito akadali tambala. Mkondo wathamangitsa opha, sunabweze munthu. Kindzu akuyamba kuyimba nyimbo ija ya mayi awo, ndipo akuyimba choncho nthenga zikutha, mphwake akubwerera kukhala mwana wa munthu.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zikulemeretsa ndimeyi. Choyamba, woyimbayo ndi mwamuna, wogwira mkondo, amene ali mwana ankangomvera nyimboyo ali m'nyumba. Ntchito imene mayi ankaichita mobisa usiku yalowa m'kamwa mwa msilikali, ndipo ndi yokhayo imene yatheka. Chachiwiri, nyimboyo ikuitananso mayi, amene akuoneka atanyamula khanda. Wowerenga watcheru akumbukira kuti Kindzu potsanzika kwawo mayiwo anamuuza kuti ali ndi pakati pa zaka zambiri, mwanayo akukana kubadwa m'nthawi yoipa chotero. Couto sakufotokoza chilichonse za khandalo, akungolionetsa lili m'manja. Kindzu akuwaitana koma sakumumva. Junhito akuthokoza ndi manja, osati ndi mawu, n'kugwira mayi ake pamkono, n'kulowa nawo m'tchire.

Amene amanena kuti bukuli likuphunzitsa kuti nyimbo imachiritsa mabala a nkhondo awerengenso malo amene machiritsowo achitikira. Achitikira m'loto. Wolotayo akulemba usiku woti mawa lake akwere basi yobwerera kwawo, ndipo ife tikuidziwa basiyo kuyambira tsamba loyamba, tikudziwanso mwini sutikesi amene Tuahir ndi Muidinga anamukwirira. Pamene tikuwerenga za kupulumuka kwa Junhito, wopulumutsayo anawola kale m'mbali mwa msewu. Kunja kwa loto palibe chimene chikutsimikiza kuti mwanayo anapezeka. Chimene chapulumuka ndi nkhani yake, imene yafika kwa mwana wina wopanda dzina, amene Kindzu m'mapeto a loto lomwelo akumuona atanyamula makopewo n'kumuitana kuti Gaspar. Couto akulonjeza zochepa, ndipo n'chifukwa chake ndimamukhulupirira.

Pamene sindimukhulupirira ndi pa ulaliki wa sing'anga umene uli m'loto lomweli, Junhito asanatulukire. Sing'angayo akuima pa chulu n'kulosera kwa nthawi yaitali za masiku oipa akubwera, anthu n'kumasanduka nyama pamaso pake, kenako akulonjeza kuti tsiku lina kudzamveka nyimbo ya mayi woyamba wa anthu onse ndipo akufa adzapumula. Mawu ake ndi okoma, ndipo ndi amene anthu amakonda kuwatchula. Koma akunena mokweza chimene ndime ya kukhola inachionetsa mwakachetechete. Mayi wa Junhito anali munthu mmodzi, wolakwa, wozemba mwamuna wake mumdima. Mayi woyamba wa anthu onse alibe mlandu, alibe mantha, ndipo sanasokepo nthenga.

Pali funso lina lolemera kuposa limeneli. Bukuli silitchula kawirikawiri mbali zomenyanazo ndi mayina a zipani. Opha anthu m'midzi ndi magulu a mfuti chabe, kapena amatsanga, monga anthu ankawatchulira potengera dzina la André Matsangaissa, mtsogoleri woyamba wa Renamo amene anaphedwa mu 1979. Nkhanza zawo zilimo: mphunzitsi wa Kindzu, m'busa Afonso, anadulidwa manja n'kumangiriridwa pa mtengo umene ankaphunzitsirapo ana sukulu itatenthedwa. Koma ochita zimenezi alibe nkhope, amafika usiku ngati dzombe n'kupita, pamene akuba a m'boma ali ndi mayina, akazi ndi nthabwala zawo. M'loto lija obwera kudzapha Junhito ndi a m'tauni, osati a kutchire. Wina anganene kuti Couto, amene anali mtolankhani wa mbali ya Frelimo ufulu utangobwera, analimba mtima podzudzula a kwawo, ndipo n'zoona. Komabe munthu wa ku Homoíne, kumene anthu oposa 400 anaphedwa tsiku limodzi mu Julaye 1987, ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake omupha ake asanduka mphepo. Mu 1988 Robert Gersony, atafunsa othawa nkhondo pafupifupi 200, ena mwa iwo m'misasa ya kuno ku Malawi, analembera boma la America lipoti lonena kuti Renamo iyenera kuti inapha anthu wamba okwana 100,000. Lipotilo lili ndi olakwa koma lilibe Junhito. Bukuli lili ndi Junhito, koma pa olakwa a kutchire likuyankhula motsitsa mawu, ndipo pamenepa likufanana ndi dziko limene linasankha kukhululuka osafunsa.

Tuahir naye anasankha kufufuta, ndipo bukuli silimuweruza, ngakhale likuonetsa kuti mnyamatayo sanapeze mtendere mpaka atabwereka chikumbukiro cha munthu wina. Ku Mozambique kufufutako kunagwira ntchito zaka pafupifupi 20. Chisankho chinachitika mu 1994, othawa anabwerera kwawo, misasa ya kuno inatsekedwa. Mu 2013 mfuti zinayambanso kulira ku Gorongosa pakati pa mbali zomwezija, ndipo mu 2015 ndi 2016 anthu zikwizikwi a ku Tete anawolokanso n'kudzaza pa Kapise m'boma la Mwanza, mpaka msasa wa Luwani unatsegulidwanso. Ambiri mwa obwerawo ankati amene anawatenthera nyumba ulendo umenewu anali asilikali a boma.